Ndinakafika ku likulu la Canonical ku London

Mphunzitsi wa ku Katoto:

Moni nonse a pagulu pano. Ambiri mwa inu mukudziwa kuti mwezi watha ndinali ku Mangalande kukaona mwana wanga wamkazi amene akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester, ndipo ndinalonjeza kuti ndikabwerako ndidzafotokoza za tsiku limodzi limene ndinalipatula pa ulendowo, tsiku limene ndinakafika ku likulu la Canonical, kampani imene imatulutsa Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta ya mtundu wa Linux. Kutopa kwa ulendo kwatha tsopano, choncho mundilole ndikwaniritse lonjezo lija.

Kuti mumvetse chifukwa chimene munthu wa msinkhu wanga angasiyire malo onse otchuka a mu London n'kupita kukaona ofesi, ndiyenera kubwerera ku chaka cha 2008. Chaka chimenecho sukulu imene ndinkaphunzitsapo inalandira makompyuta akale 12, ndipo teremu isanathe theka la iwo linali litagona chifukwa cha mavayirasi obwera ndi maflashi. Mnzanga wina anandiuza kuti pali kampani imene imatumiza ma CD a Ubuntu kwaulere kulikonse padziko lapansi kudzera mu ndondomeko yotchedwa ShipIt. Sindinakhulupirire kuti munthu wosandidziwa angalipire sitampa kuti chinthu chifike ku Mzuzu, komabe ndinapita ku kafe ya intaneti m'tauni n'kulemba adiresi ya sukulu. Patapita pafupifupi miyezi iwiri ndinapeza envulopu m'bokosi lathu ku positi ofesi. Munali ma CD a Ubuntu 8.04, ija inkatchedwa Hardy Heron, pamodzi ndi timasitika. Nditayika CD yoyamba m'kompyuta, panamveka kaphokoso ka ng'oma ndipo pa sikirini panaoneka mbalame ya m'madambo yonga kakowa. Makompyuta aja anagwira ntchito zaka zinanso zisanu. ShipIt inatsekedwa mu 2011, koma CD imodzi ndinaisunga m'kachikwama kake ka katoni, ndipo ndi imene ndinaitenga pa ulendowu.

Ofesi si nyumba yosungiramo zinthu zakale yoti aliyense angolowa, choncho ndinakonzekeratu. Pali injiniya wina wa kumeneko amene tinalemberanapo zaka zapitazo pamene ndinapereka lipoti la vuto la pulinta pa Launchpad, tsamba la pa intaneti la Canonical limene anthu amaperekerapo malipoti a mavuto a Ubuntu. Ndinamulembera imelo kutatsala milungu itatu, iye n'kundiuza tsiku limene adzakhale mu ofesi. Ndinakwera sitima m'mawa ku Manchester, n'kutsika ku Euston patapita maola awiri ndi mphindi zingapo, kenaka ndinalowa sitima ya pansi pa nthaka.

M'maganizo mwanga ndinkayembekezera mpanda, chipata chachikulu ndi khamu la anthu. Chimene ndinapeza ndi ofesi ya m'nyumba yosanja imene mulinso makampani ena, malo audongo ndi abata, okhala ndi anthu ochepa kuposa amene mungawapeze m'banki m'tauni muno kumapeto kwa mwezi. Mnzanga uja anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, ine n'kumupatsa paketi ya khofi wa ku Mzuzu. Kenaka ndinatulutsa CD ija. Katoni yake inadyeka m'makona, ndipo kumbuyo kwake kudakali dzina la kalasi limene ndinalemba ndi bolopeni. Anyamata awiri amene anali pafupi anadzuka kudzaiona, anaitembenuza uku ndi uku mosamala ngati dzira, ndipo mmodzi anandiuza kuti pamene CD imeneyi inkatuluka iye anali ku pulayimale. Tinafuna kuiyesa, koma pa malaputopu onse amene anali pamenepo panalibe ndi imodzi yomwe yokhala ndi polowetsa CD.

Nditafunsa kumene anthu ena onse ali, yankho lake ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. Ogwira ntchito ambiri a Canonical amagwirira kunyumba zawo, m'mayiko opitirira 70, ndipo magulu awo amakumana pamasom'pamaso kawiri pachaka m'mizinda yosiyanasiyana. Chimene chimawamanga pamodzi si nyumbayo koma kalendala. Ubuntu yatsopano imatuluka mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo nambala yake imanena chaka ndi mwezi, monga 24.04 imene inatuluka mu Epulo 2024. Ndinakhala pamenepo ola limodzi ndi theka, ndipo ndikutuluka ndinazindikira kuti panalibe chinthu chobisika m'kabati chimene akanandionetsa, chifukwa source code yonse, kutanthauza malemba amene pulogalamu imapangidwira, ya zimene ndakhala ndikugwiritsa ntchito zaka zonsezi ndinali nayo kale ufulu woiwerenga ndili ku Katoto.

Woyang'anira gulu, wa ku Mchengautuwa:

Mwafika bwino aphunzitsi, ndipo tathokoza kuti simunatiiwale. Ndikupempha onse amene ayankhe kuti tikhale pa nkhani yomweyi mpaka itatha.

Wokonza makompyuta wa ku Chibavi:

Aphunzitsi, ulendo wanu ndaumva ndipo ndikukulemekezani, popeza ndinu amene munandionetsa Linux koyamba. Komabe pali chinthu chimene chimandivuta mumtima, ndipo ndibwino ndichinene pomwe muli pano. Mawu akuti ubuntu ndi a kuno ku Africa. Anzathu a ku South Africa amatero, ife timati umunthu, ndipo ndi chinthu chimodzi. Nanga zikutheka bwanji kuti dzina ndi lathu koma likulu lili ku London, kumene inuyo mwini mawuwo munafunika viza kuti mukafikeko? Kampani siikhala popanda phindu. Ngati akupereka chinthu kwaulere, ndiye kuti ndalama akuzipeza penapake, ndipo ine ndikufuna ndidziwe kuti penapakepo ndi pati.

Chachiwiri ndi cha ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ubuntu ya masiku ano ndi pafupifupi ma GB 6, pamene CD yanu ija inali ma MB 700. Kuti ndiitsitse pa intaneti ndiyenera kugula bandulo yaikulu n'kudikira usiku, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchitoyo mtima umauma. Makompyuta ambiri amene anthu amandibweretsera ndi akale, ena a 32-bit, ndipo Ubuntu inasiya kutulutsa yoyika pa makina oterowo. Kodi zimenezi munazinena kumeneko?

Mphunzitsi wa ku Katoto:

Achimwene, mafunso anu ndi oyenera, ndipo lachiwirilo ndinalifunsadi. Mnzanga uja sanazembe. Anavomereza kuti Ubuntu yaikulu inapangidwira makina a masiku ano, n'kundikumbutsa za Lubuntu ndi Xubuntu, zimene ndi zopepuka ndipo zimayenda bwino pa makina a mphamvu zochepa malinga ngati ali a 64-bit. Za bandulo, njira yake ndi imene tinkachita ndi CD ija: mmodzi atsitse, ena onse akopere pa flashi, ndipo laisensi imalola zimenezo popanda kupempha kwa aliyense. Ndinamufotokozera mmene mtengo wa intaneti ulili kuno poyerekeza ndi malipiro a mphunzitsi, ndipo anamvetsera mwachidwi. Sindinganene kuti mawu anga asintha kalikonse, koma ndinawanena.

Pa funso la dzina, tiyambe ndi munthu amene anayambitsa kampaniyo. Mark Shuttleworth anabadwira ku Welkom, ku South Africa. Anayambitsa kampani ya Thawte ku Cape Town, n'kuigulitsa kwa VeriSign mu 1999 pa mtengo wa madola pafupifupi 575 miliyoni. Mu 2002 anapita kumlengalenga pa chombo cha a ku Russia, ndipo mu 2004 anakhazikitsa Canonical, Ubuntu yoyamba n'kutuluka mu Okutobala chaka chomwecho. Choncho dzinalo sanalitole m'buku, anakulira m'dziko limene mawuwo amanenedwa. Amene munagwiritsapo ntchito Ubuntu zakale mukumbukira kuti munkakhala kavidiyo ka Nelson Mandela akufotokoza tanthauzo la mawuwo, ndipo chizindikiro chake chija ndi anthu atatu ogwirana manja mozungulira.

Koma mfundo yaikulu kwa ine ndi yakuti Canonical siinalenge Ubuntu kuchokera pachabe. Inamanga pa Debian, mtundu wina wa Linux umene unalipo kale, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993 ndipo mpaka lero imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Mtima wa zonsezi, umene timati kernel, anauyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo zipangizo zambiri zozungulira zinachokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman analengeza mu 1983. Laisensi ya GPL imati aliyense angagwiritse ntchito pulogalamu, angaiwerenge, angaisinthe ndi kuigawa, koma akagawa chimene wasinthacho ayenera kuperekanso source code yake pa malamulo omwewo. Lamulo limenelo limamanga Canonical monga mmene limandimangira ine. Chimene kampaniyo inateteza ndi dzina ndi chizindikiro. Ndicho chifukwa chake Linux Mint inatha kutenga Ubuntu mu 2006 n'kupanga yakeyake pa dzina lina.

Ndalama amazipeza kwa makampani ndi mabungwe aakulu amene amayendetsa ma seva ambiri, makompyuta amene amatumikira makompyuta ena, ndipo sangalole kuti aime ngakhale ola limodzi. Oterowo amalipira chithandizo cha akatswiri ndi zigamba za chitetezo za nthawi yaitali, ndiye kuti zokonza zimene zimatseka mipata yoopsa m'pulogalamu. Ubuntu ya LTS, kutanthauza ya chithandizo cha nthawi yaitali, imene imatuluka zaka ziwiri zilizonse mu Epulo, imalandira zigamba kwa zaka 5 kwaulere, ndipo amene akufuna zaka 10 amalowa mu Ubuntu Pro, imene kwa munthu payekha ndi yaulerenso pa makina osapitirira 5. Njira imeneyi si yachilendo. Red Hat ya ku Raleigh, m'dziko la America, inakula ndi malonda a mtundu womwewu mpaka IBM inaigula mu 2019 pa madola pafupifupi 34 biliyoni.

Wokonza makompyuta wa ku Chibavi:

Ndamva aphunzitsi, ndipo za laisensi sindikutsutsa. Koma Red Hat imene mwaitchulayo ndi imene inalengeza mu Disembala 2020 kuti CentOS Linux, Linux yaulere yomangidwa pa source code ya Red Hat yomweyo, itha, pamene anthu ambiri anali atamanga ma seva awo pa iyo. Zimenezo zikusonyeza kuti amene ali ku likulu akadali ndi mphamvu yosintha zinthu ife tili m'tulo.

Mayi wa laibulale, wa ku Luwinga:

Achimwene, zimene mwanenazo ndi zoona, koma nkhaniyo muimalize. CentOS Linux italengezedwa kuti itha, pasanathe chaka panabadwa Rocky Linux ndi AlmaLinux, zomangidwa pa source code yomweyo, ndipo amene anafuna anasamukira kumeneko. Mphamvu ya likulu ilipo, koma ili ndi malire, ndipo malirewo ndi amene ine ndikuwaona kukhala phindu lenileni.

Ndikufuna kuwonjezera kuchokera ku ntchito yanga. Tonse a mumzinda muno tikukumbukira Disembala 2015, pamene moto unapsereza laibulale ya Mzuni. Ife ogwira ntchito za mabuku, ngakhale a m'malaibulale ena, tinalira ngati pamaliro, chifukwa tinaona ndi maso kuti chinthu chosungidwa m'nyumba imodzi chingathe usiku umodzi. Pamene ndimawerenga zimene aphunzitsi alemba zakuti ku likulu kunalibe kabati yobisika, maganizo anga anapita ku usiku umenewo. Source code ya Linux siili m'nyumba imodzi. Ili pa makina osawerengeka padziko lonse, ndipo Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za source code, imene Torvalds analemba mu 2005, inapangidwa mwa njira yakuti aliyense amene wakopera amakhala ndi mbiri yonse ya ntchitoyo kuyambira pachiyambi. Ofesi ya ku London itati itsekedwe mawa, kompyuta ya m'kalasi mwa aphunzitsi idzayakabe.

Malaibulale ambiri a m'masukulu a ukachenjede m'dziko muno amagwiritsa ntchito Koha posunga ndandanda ya mabuku ndi kubwereketsa. Koha inayambira ku New Zealand cha m'ma 1999, pamene laibulale ya m'dera laling'ono la Horowhenua inkafuna pulogalamu yatsopano chaka cha 2000 chisanafike, ndipo itailandira inaganiza zoipereka kwa onse. Mawu akuti koha m'chilankhulo cha Amaori amatanthauza mphatso. Ngati mungandifunse kumene kuli likulu la Koha, ndilibe nyumba yoti ndikulozereni, komabe m'mawa uliwonse ndimaitsegula ndipo wophunzira amabwereka buku. Makolo anati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu, ndipo pa ntchito imeneyi ndimaona kuti ankanena zenizeni.

Wa zachipatala, wa ku Zolozolo:

Ndikugwirizana nanu amayi, koma ndichenjeze pa chinthu chimodzi. Ku zaumoyo timalowetsa malipoti a mwezi ndi mwezi mu DHIS2, imene imakonzedwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway ndipo ndi ya open source, kutanthauza kuti source code yake ili poyera kwa aliyense, komanso ambiri tikukumbukira makina a Baobab aja ogusa ndi chala m'zipatala. Chimene ndaphunzira n'chakuti pulogalamu yaulere imafunabe munthu wolipidwa woidziwa bwino. Seva ikakana kuyaka, ufulu wowerenga source code suthandiza ngati palibe amene angaiwerenge n'kuimvetsa. Choncho funso la achimwene a ku Chibavi ndingalitembenuze motere: vuto lathu si lakuti likulu lili kutali, koma lakuti anthu odziwa zamkati mwa mapulogalamuwa ndi ochepa pafupi.

Wophunzira wa ku Chiputula:

Aphunzitsi, ine ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a ICT, ndipo mawu anu akuti anthu amagwirira ntchito kunyumba andisowetsa tulo. Kodi zikutanthauza kuti munthu ali ku Chiputula angalembedwe ntchito ndi kampani yotero osachoka m'dziko muno? Ndipo ngati n'zotheka, woyamba kumene ngati ine angayambire pati, popeza chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python ndachiphunzira pang'ono chabe ndipo ndimaopa kulemba chinthu chimene akatswiri angachiseke?

Mphunzitsi wa ku Katoto:

Mwana wanga, funso lako ndinali nalo m'thumba pamene ndinkapita, chifukwa ndinkadziwa kuti wina wa inu adzalifunsa. Sindikufuna kukunamiza kuti n'zophweka. Mpikisano wake ndi wa dziko lonse, pamafunika Chingerezi cholemba chomveka bwino, intaneti yodalirika ndi magetsi osadukaduka, ndipo ziwiri zomalizazo ukudziwa mmene zilili. Komabe khomo lake silifuna viza. Pa ntchito za open source, zimene munthu wachita zimakhala poyera pamodzi ndi dzina lake, ndipo wolemba ntchito angaziwerenge yekha osadalira kalata ya umboni.

Poyambira pake si kulemba pulogalamu yaikulu. Ine ndinayamba ndi lipoti la pulinta lija. Ndinalemba mtundu wa pulinta, nambala ya Ubuntu imene ndinkagwiritsa ntchito, zimene ndinachita motsatana, zimene ndinkayembekezera ndi zimene zinachitikadi, n'kumata uthenga wonse umene makinawo anatulutsa. Patapita masiku angapo munthu amene sindinamuonepo anandipempha kuti ndiyese chigamba china, ndinayesa, ndipo pulinta inasindikiza mayeso a Fomu 2. Munthu ameneyo ndi amene anandipatsa tiyi ku London. Lipoti lolembedwa bwino ndi ntchito yeniyeni, ndipo palibe katswiri amene amaliseka. Ukazolowera zimenezo, phunzira Git, werenga source code ya kapulogalamu kakang'ono kamene umakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, n'kukonza cholakwika chimodzi, ngakhale cha m'malangizo ake.

Palinso ntchito ina imene injiniya wa ku London sangaigwire, ngakhale atakhala wanzeru chotani, ndiyo kumasulira. Ubuntu imamasuliridwa ndi anthu ongodzipereka, mzere ndi mzere, pa Launchpad. Mnzanga uja atandifunsa ngati ana anga a sukulu amaona mawu a pa sikirini m'chilankhulo chawo, ndinayankha kuti ayi, ndipo yankho limenelo linandipweteka ulendo wonse wobwerera ku Manchester. Zaka zonsezi ndakhala ndikulandira, koma chimene ndikanatha kubwezera mosavuta sindinachiyambe.

Wokonza makompyuta wa ku Chibavi:

Apa aphunzitsi ndikutsutsaninso pang'ono. Anthu amene amabwera ku shopu kwanga anazolowera mawu a Chingerezi a pa sikirini, ndipo amati kuseva, kudilita, kupulinta. Mukawaikira mawu ena asokonezeka, ndipo adzandibweretsera makinawo kuti ndiwabwezere mwakale.

Mayi wa laibulale, wa ku Luwinga:

Amene amafika ku shopu kwanu, achimwene, ndi amene anawoloka kale mtsinjewo. Ine ndimaona amene sanawoloke. Mwezi watha ndinakhala ndi mayi wina wachikulire, mlembi wa gulu la banki m'khonde, amene ankafuna kulemba ndandanda ya ngongole pa kompyuta. Masamu ake anali akuthwa kuposa anga, koma pa sikirini patatuluka funso lomufunsa ngati akufuna kusunga zimene wasintha asanatseke, anachotsa dzanja pa mbewa n'kuliika pachifuwa, poopa kuti akadina molakwika ntchito ya masana onse ifufutika. Mabatani atatu aja akanalembedwa kuti Sungani, Musasunge ndi Lekani, sakanandiyang'ana n'komwe. Kumasulira sikuletsa kuti mawu ozolowereka ngati fayilo ndi pulinta akhale momwemo. Chofunika ndi ziganizo zimene zimafunsa munthu kuti asankhe.

Wa zachipatala, wa ku Zolozolo:

Ngati tikuyambadi, tisaiwale kumene tili. Muno mu Mzuzu anthu ochuluka amalankhula Chitumbuka kunyumba, ndipo kungakhale kulakwa kuti gulu la mumzinda uno limasulire m'Chichewa mokha. Wikipedia ili ndi ya Chichewa komanso ya Chitumbuka, choncho zilankhulo zonse ziwiri zili kale ndi zizindikiro zake m'makompyuta, ny ndi tum. Ine ndingathandize mbali ya Chitumbuka, ndipo ndikudziwa anzanga awiri amene angabwere.

Mphunzitsi wa ku Katoto:

Mwanena bwino abambo, ndipo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Maganizo anga ndi akuti tisayambe ndi Ubuntu yonse, chifukwa mizere yake ndi yochuluka kwambiri ndipo tingatope tisanaone chipatso. Tiyambe ndi kugwirizana mawu 100 amene amabwerabwera, m'zilankhulo zonse ziwiri, kuti asapezeke wina akulemba Fufutani pamene mnzake akulemba Chotsani pa batani limodzimodzi. Kusiyana kwa mawu awiri amenewo kuyenera kukambidwa mofatsa, popeza kuchotsa flashi ndi kufufuta zimene zili m'flashimo si chinthu chimodzi. Tikamaliza ndandandayo tisankhe pulogalamu imodzi yaing'ono, monga yolembera mawu, n'kuimaliza yonse.

Woyang'anira gulu, wa ku Mchengautuwa:

Ndikuona kuti pali mgwirizano. Ndikupempha kuti tikumane Loweruka likubwerali kuyambira 9 koloko m'mawa, malo ndidzatumiza kwa aliyense amene alembe kuti abwera. Aphunzitsi abwere ndi ndandanda yoyambira, amayi a ku Luwinga abwere ndi dikishonale ya Chichewa, ndipo wophunzira wathu akonzekere kutionetsa mmene munthu amatsegulira akaunti ya Launchpad.

Wokonza makompyuta wa ku Chibavi:

Za kumasulira sindinakhutirebe, koma ndibwera kuti ndidzatsutse ndili pomwepo. Lubuntu ndiitsitsa Lachinayi usiku, choncho aliyense abwere ndi flashi ya ma GB 8 yopanda kanthu. Aphunzitsi, CD ya 8.04 ija musaisiye kunyumba. Ku shopu kuli kompyuta yakale ya Pentium 4 imene polowetsa CD pake pakugwirabe ntchito, ndipo ndiinyamula pa njinga kuti ana amve ng'oma ija.